Kabuku ka Zebedee

Yotamu Mwangosi anali kusalaza mchenga wa pa dzenje lachinayi pamene anaona mayi wina akudutsa pakati penipeni pa bwalo la gofu, nsapato zili m'manja. Anatsegula pakamwa kuti amukalipire, poti bwalolo sinali njira ya kumsika, koma mayiyo atayandikira anazindikira kuti ndi Eliness, mlongo wake wa Zebedee Mwakibinga. Anatseka pakamwa paja n'kupitiriza kukoka thabwa lake ngati sanaone munthu.

"Mugonile, a Mwangosi," anatero Eliness. Sanadikire n'kuyankhidwa komwe. Anayang'ana uku ndi uku, n'kupitiriza m'Chinkhonde motsitsa mawu. "Amutenga. Apolisi anabwera Lolemba, anatenga iye, ndodo zake ndi kabuku kake kaja. Akuti Lachisanu akamukweza sitima pa doko la Chilumba, apite naye kummwera."

M'chaka cha 1974 panalibe wofunika kumumasulira mawu amenewo. Munthu akapita kummwera mwa njira imeneyo, abale ake ankasiya kutchula dzina lake pagulu.

"Ndiye ine ndichitepo chiyani?" anafunsa Yotamu.

"M'boma lonse la Karonga odziwa gofu ndinu awiri basi. Iye akuti manambala a m'kabukumo ndi a gofu. Inspekita akuti abwere wina adzatsimikize. Mukufuna ndikaitane ndani, abusa?"

"Ndiganize kaye."

"Ganizani msanga. Lero ndi Lachitatu."

Eliness anabwerera momwe anadzera, ndipo ulendo uno anaponda dala pamchenga wosalazidwa kale uja. Yotamu anangoyang'ana mapaziwo.

Bwaloli linali laling'ono, la maenje asanu ndi anayi, moyandikana ndi bwalo la ndege. Analikonzera azungu a pulojekiti ya mpunga ndi akuluakulu angapo a m'maofesi a pa Boma. Kapinga wabwino kunalibe, moti pozungulira dzenje lililonse ankathirapo mchenga wosakaniza ndi oyilo wakutha wa mathirakitala. Yotamu ndiye anali zonse pamenepo: mphunzitsi, wosalaza mchenga, ndiponso wothamangitsa ng'ombe. Anali atagwira ntchitoyo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ankaikonda kuposa momwe ankavomerezera.

Iye ndi Zebedee anadziwirana ku Kitwe, kumene makolo awo anapita kukagwira ntchito ya m'migodi. Onse awiri anayamba ndi kunyamulira azungu zikwama za ndodo, n'kumaba luso ndi maso. Zambia italandira ufulu, anthu akuda ataloledwa kulowa m'mipikisano ya mphotho, onse anatula zikwama n'kuyamba kudya za gofu. Apa ndi pamene ubwenzi wawo unathera. Anakumana m'mipikisano khumi ndi umodzi. Yotamu anapambana kawiri, ndipo kamodzi mwa kawiriko Zebedee anasewera akunjenjemera ndi malungo.

Tisamunamizire Yotamu, sanali mbuli. Mpira ukafika pafupi ndi dzenje, dzanja lake linali lofatsa ngati la namwino, ndipo kamodzikamodzi ndi pamene ankaphonya. Koma kuti mpirawo ukafike kumeneko, Zebedee ankakhala atafika kale n'kumudikira. Munthuyo anali ndi mphamvu m'mapewa, komanso anali ndi diso. Ankangoyang'ana mbendera kamodzi n'kutchula mtunda, ndipo azungu akayesa ndi tepi ankapukusa mitu. Yotamu anabwerera kwawo ku Mwenilondo mu 1968 ndi chikho chimodzi ndi msana wopweteka. Zebedee anatsala, n'kukasewera mpaka ku Nairobi ndi ku Lagos, ndipo zikho zake zinakwana zisanu ndi ziwiri.

Izi ndi zimene zinachitika. Koma pamsika wa pa Karonga nkhaniyi inkamveka mwina, chifukwa woikamba anali mmodzi yekha. Tsiku lina munthu anafunsa za Zebedee, Yotamu n'kuyankha kuti, "Mwakibinga? Mnyamata wabwino, amadziwa kupukuta ndodo." Anthu anaseka, ndipo kuseka kwawo kunamukomera. Chaka ndi chaka nthabwala ija inkanenepa. Kupambana kawiri kunasanduka kasanu ndi kanayi, ndipo Zebedee anabwezedwa pa ntchito yonyamula zikwama mpaka kalekale. Yotamu ankadziwa kuti akunama, koma ankati nanga ndani adzachoke ku Kitwe kudzamutsutsa?

Ndiye m'mwezi wa Juni Zebedee mwini wake anatulukira, wowonda, atavala chipewa chophimba nkhope. Anafikira kwa mlongo wake. Sanapite kukalonjera Yotamu. Atakumana pamsewu wa kuchipatala, Yotamu anakweza dzanja, koma Zebedee anangodutsa ngati akudutsa mtengo. Kenaka anayamba zachilendo. M'mawa uliwonse, ng'ombe zisanatuluke, ankapezeka pabwalo la gofu akuyenda pang'onopang'ono, akuwerenga mapazi. Ankachokera pa mtengo wa mango kukafika pa chulu, kuima, kulemba m'kabuku. Kuchokera pa chulu kukafika pa mbendera, kulemba. Kuchokera pa mbendera kukafika pa waya wa bwalo la ndege, kulembanso.

Yotamu ankamuzonda ali kuseri kwa kanyumba kosungiramo zida, ndipo mutu wake sunkapuma. Munthuyu akufuna chiyani pabwalo la eni ake? Kodi walankhula kale ndi azungu a pulojekiti kuti amupatse ntchitoyi? Mlembi wa kilabu akangomwetulira mosiyana ndi masiku onse, Yotamu ankati basi zatheka. Ankachita mantha, ndipo mantha akewo ankawatchula kuti nzeru.

Loweruka lina ali pamsika kugula usipa, anakumana ndi Lyson, amene ankaima pachipata kuyang'ana makhadi a chipani. Lyson anali munthu woti ukamuuza chinthu m'mawa, masana chafika pa ofesi chitavala jekete.

"Adada Mwangosi, mnzanu uja wabwera kudzakulandani ufumu?" anatero Lyson moseka. "Tikumva kuti m'mawa uliwonse ali pabwalo panu."

"Gofu yake iti?" anayankha Yotamu. "Munaonapo gofu yosewera ndi pensulo? Kamufunseni yekha chimene amayeza kufupi ndi ndege."

Ananena kuti anthu aseke, monga mwa masiku onse. Koma tsiku limenelo palibe anaseka. Mayi wa usipa anaweramira pansi, ndipo Lyson anangogwedeza mutu pang'onopang'ono. Malire a Tanzania sanali kutali, ndipo aliyense ankadziwa kuti boma silinkagona tulo ndi malire amenewo.

Eliness atachoka, Yotamu anakanika kugwira ntchito. Anakwera njinga kupita kunyumba dzuwa lisanafike pamutu. Anapeza mkazi wake, Keziya, akusenda nthochi zosapsa zophikira mbalagha pakhonde.

"Mwaweruka msanga, bambo a Hilda. Ng'ombe zapita kutchuthi?"

Yotamu anakhala pampando n'kufotokoza za Eliness. Keziya sanasiye kusenda.

"Ndamva kale. Ndamvanso amene anayatsa motowo pamsika."

"Ine ndinangocheza."

"Munangocheza ndi Lyson. Chabwino. Ndiye mupita liti kupolisi?"

"Ukuganiza kuti n'kophweka? Ukakaikira kumbuyo munthu wotere, dzina lako amalilemba pansi pa lake. Tili ndi ana, Keziya. Komanso ndikuuze, ine sindikumukhulupirira. Zebedee ankayeza mtunda ndi diso, moyo wake wonse sanawerengepo phazi ngakhale limodzi. Ankatiseka ife owerenga. Lero aziyenda ngati wogula munda? Pali chimene akubisa."

Keziya anaika mpeni m'mbale n'kumuyang'ana.

"Mwina akubisa. Koma inu chimene mukuopa si apolisi ayi. Mukuopa kukanena pamaso pa anthu kuti munthuyu ankasewera. Ine ndinaliko ku Kitwe, musaiwale. Ndinkachapa malaya anu mukabwera mutagonja, inu mutakhala kuseri kwa nyumba osafuna kudya. Pamsika mutha kuwauza zimene mukufuna, ine ndakhala chete zaka zonsezi poti bodza lanu silinkaluma munthu. Pano laluma."

Mawuwo anamupweteka Yotamu. Anadya pang'ono, n'kukhala tsiku lonse akuyang'ana chikho chake pamwamba pa kabati.

Lachinayi m'mawa anavala malaya oyera, anaika khadi la chipani m'thumba la pachifuwa, n'kupita kupolisi. Panjira anakonza mawu ake bwinobwino. Akanena kuti inde, manambala otere amapezeka m'gofu, koma za mumtima mwa munthu iye sangadziwe. Akatero ndiye kuti wathandiza, koma osadzimangirira chingwe.

Inspekita Namakhwa anali wa ku Thyolo, munthu wamfupi, wolankhula mofatsa, ndipo kufatsa kwakeko ndi kumene kunkaopsa. Patebulo pake panali ndodo za Zebedee. Yotamu anaziyang'anitsitsa. Iliyonse inali itadulidwa pakati ndi sowo.

"Timafuna tione ngati muli makalata m'kati," anatero Inspekita. "Mulibe. Khalani pansi, a Mwangosi."

Anamukankhira kabuku kaja. Yotamu anatsegula. Mango, mbendera 4, 158. Chulu, mbendera 6, 92. Mbendera 4, waya, 25. Zonse zinali zoona, iye ankadziwa mtunda uliwonse pamtima. Chimene chinamudabwitsa ndi kalembedwe. Zebedee amene iye ankamudziwa ankalemba tizilembo ting'onoting'ono tokongola, koma umu manambala anali akuluakulu, atatu okha kudzaza tsamba, ena okwerana, ngati a mwana wa Sitandade 1.

"Awa ndi mapazi a pabwalo la gofu, bwana," anatero Yotamu. "Osewera ena amalemba chonchi."

"Osewera," anabwereza Inspekita. "Vuto lili pamenepo. Munthuyu akuti ndi wosewera. Koma ine ndafunsa pamsika, ndafunsa kutchalitchi, aliyense akuti a Mwangosi amati iyeyu anali wonyamula zikwama." Anatulutsa pasipoti m'dirowa n'kuitsegula. "Nairobi. Lagos. Nairobi kachiwiri. Apa anadzera ku Dar es Salaam. Tandiuzeni, wonyamula zikwama amakwera ndege maulendo onsewa, amamulipirira ndani? Ndipo akabwera kwawo n'kuyamba kuyeza mtunda wokafika pa waya wa ndege, ine ndiganize chiyani?"

Yotamu sanaganizepo kuti nthabwala ya pamsika ingakakumane ndi zidindo za m'pasipoti.

"Ankasewerako, bwana," anatero chapansipansi.

"Ankasewerako. Ndiye munanama kale kapena mukunama lero? Kapena nonse awiri muli pamodzi?"

Inspekita analamula kuti amubweretse Zebedee. Analowa wopanda nsapato, ndevu zitamera, chipewa chija palibe. Anaima pakhomo n'kuyang'ana cha kuwindo, kumene kunalibe munthu. Yotamu anali mapazi anayi okha kuchokera pamene iye anaima, koma nkhope ya Zebedee sinasinthe. Wapolisi anamuuza kuti akhale, ndipo anatambasula dzanja kufufuza benchi, n'kuiphonya, n'kuipeza kachiwiri.

"Zebedee," anatero Yotamu.

Pamenepo mutu unatembenuka mofulumira kutsata mawuwo. Yotamu anaona maso ake. Pakati pa diso lililonse panali potuwa ngati madzi otsukira mpunga.

Zonse zinamveka nthawi imodzi. Munthuyu sanamunyoze pamsewu wa kuchipatala, sanamuone. Sankayeza bwalo kuti alande ntchito ya munthu. Ankawerenga mapazi chifukwa mbendera sankaionanso, ndipo ankachita m'mawa kwambiri kuti pasapezeke womuona akufufuza njira. Diso lija limene linkadabwitsa azungu a ku Kitwe linali litatha, ndipo mwini wake analolera kugona m'chitokosi masiku atatu kusiyana ndi kunena zimenezo. Yotamu anagwidwa ndi manyazi oti sanawamvepo chibadwire.

Anatsegula pakamwa kuti auze Inspekita za masowo. Zebedee, ngati wamva mpweyawo, analankhula msanga m'Chinkhonde.

"Usanene. Ndikakhala kummwera bola, kusiyana n'kuti ana azindigwira dzanja pamsika."

"Chichewa!" anatero Inspekita, akumenya patebulo. "Muno timalankhula Chichewa. Wati chiyani?"

"Akuti mumuyese, bwana," anatero Yotamu. Mawuwo anangotuluka okha. "Akuti musankhe tsamba lililonse m'kabukumo, tipite pabwalo, akamenye mpira. Kazitape angathe kulemba manambala, koma sangagwetse mpira pamene nambala yanena."

Inspekita anawayang'ana onse awiri nthawi yaitali. Kenaka anatsegula kabuku n'kuika chala pa tsamba loyamba.

"Mango, mbendera 4. Masana ano. Akalephera, mawa akwera sitima, ndipo inu a Mwangosi mudzatsala kuno kuti ticheze bwino."

Nkhani inafika pamsika iwo asanatuluke n'komwe pachipata cha polisi. Pofika 3 koloko, bwalo limene anthu ankaletsedwa kupondapo linali litadzaza. Amayi a nthochi anasiya malonda, aphunzitsi anabwera ndi choko m'manja, ndipo Lyson anaima kutsogolo atapinda manja. Eliness anali pambali yekha. Keziya naye anabwera, n'kukaima pafupi naye.

Poti ndodo za Zebedee zinali zidutswa, Yotamu anatulutsa zake. Wapolisi wina anafuna kunyamula chikwamacho, koma Yotamu anakana. Anachikoleka paphewa n'kuyenda pambali pa Zebedee, phewa kukhudza phewa, kuti mnzakeyo atsate njira popanda wozindikira.

"Taonani!" anafuula Lyson. "Lero bwana wanyamulira wantchito!"

Anthu anaseka. Yotamu sanacheuke.

Pa mtengo wa mango anaika mpira pa kaudzu kabwino. M'thumba anali ndi mipira iwiri yokha yosang'ambika. Anayang'ana mbendera, kansalu kofiira patali, kumbuyo kwake kuli waya wa bwalo la ndege. Mapazi 158. Dzanja lake linalowa m'chikwama lokha n'kutulutsa ndodo imene ankamenyera pamenepo tsiku ndi tsiku. Anaipereka kwa Zebedee, n'kuima kumbuyo kwake.

"Phewa lipite kumanzere pang'ono," ananong'ona. "Pang'ononso. Basi. Mphepo ikuchokera kunyanja, koma si yambiri."

"Mukunong'onezana chiyani?" anafunsa Inspekita.

"Za mphepo, bwana. Ndi ntchito ya wonyamula chikwama."

Zebedee anagwedeza ndodo kawiri, anakhudza nayo mpira kuti adziwe pamene uli, n'kukhazikika. Ndodo inakwera pang'onopang'ono, n'kutsika. Kulira kwake Yotamu anali atakuiwala, kulira kouma, kwaukhondo, kumene iye sanakutulutsepo. Mpira unakwera molunjika mbendera ngati wamangidwa pa chingwe. Koma sunatsike. Unadutsa pamwamba pa mbendera, unadutsa waya, n'kukagwera m'kati mwa bwalo la ndege, kafumbi n'kudzuka.

Anthu onse anatembenukira kwa Inspekita.

"Mwaona!" anakuwa Lyson. "Manambala ake akuloza kwa ndege! Ndinanena ine!"

Inspekita anatseka kabuku n'kukaika m'thumba. Eliness anakhala pansi pa udzu, manja ali kumutu.

"Wandipatsa chiyani?" anafunsa Zebedee motsitsa.

"Faifi."

"Ndinamva kuti yatalika, koma ndinati mwina ndodo zako n'zotero. Faifi ndi yako, Yotamu. Ine apa ndi seveni."

Yotamu anayang'ana ndodo ija. Sanachite dala, Mulungu ndi mboni. Anangosankha monga amadzisankhira yekha, poti zaka zisanu ndi chimodzi akuuza anthu kuti iye ndiye wamkulu, dzanja lake lomwe linali litakhulupirira. Wapolisi anali atagwira kale mkono wa Zebedee.

"Bwana, dikirani," anatero Yotamu.

"Tinagwirizana, a Mwangosi."

"Walakwa ndine, osati iye." Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono, ndipo anachita kuwakankha kuti afike kumbuyo kwa gulu. "Ndodozi zili ndi manambala. Nambala yaing'ono imapita kutali. Ine kuti ndifike pa mbendera ija ndimafuna faifi, ndiye ndamupatsa faifi. Koma munthu uyu si msinkhu wanga. Pamene ine ndikufuna faifi, iye seveni imamukwanira. Zinali choncho ku Kitwe, ndipo ndaona kuti zikadali choncho."

"Paja munkati munamugonjetsa kasanu ndi kanayi," anatero Lyson.

"Anandigonjetsa ndi iye kasanu ndi kanayi. Ine kawiri, ndipo kamodzi anali ndi malungo. Ali ndi zikho zisanu ndi ziwiri, ine chimodzi. Ku Nairobi ndi ku Lagos ankapita kukasewera, amene ankamulipirira ndi eni mipikisano. Ine sanandiitaneko chifukwa sindinafikepo." "Ndipo za ndege zija ndinayambitsa ndine pamsika. Ndinkaopa kuti wabwera kudzanditengera ntchito. Inali njiru, bwana. Palibe china chimene ndinaona."

Panalibe woseka. Yotamu akanakonda akanaseka, chifukwa chete ameneyo ankalemera kwambiri. Zebedee sanatembenuke.

Inspekita anakanda chibwano.

"Mpira wina ulipo?"

"Umodzi, bwana."

"Mupatseni seveni yakeyo. Koma ndiione kaye."

Yotamu anamuonetsa nambala yolembedwa kunsi kwa ndodo, n'kuika mpira wotsiriza pa udzu. Mpirawo unagubuduka, iye n'kuuikanso. Anaima kumbuyo kwa Zebedee. Mphepo inali itakulako, mbendera inkakupiza cha kumtunda.

"Kumanzere," ananong'ona. "Wapitirira, bwerera. Apo. Mphepo yakula, usaiope, ikubwezera yokha."

"Ukunena zoona?" anafunsa Zebedee, milomo yokha ikuyenda.

Funsolo linamulasa Yotamu, koma linali loyenera. Munthuyu ankayenera kumenya mumdima potsata mawu a amene anamugulitsa.

"Zoona," anatero.

Zebedee anakhala kanthawi ataweramira mpira umene mwina ankauona ngati kachinthu kotuwa chabe. Kenaka anamenya. Mpira unakwera kwambiri kuposa woyamba, unapita cha kumanzere ngati wasochera, mphepo n'kuyamba kuukankha pang'onopang'ono. Unatsika, n'kugwera pamchenga wakuda uja kuti phi, osadumpha.

Phokoso limene linabuka linathawitsa ng'ombe za kutsidya kwa msewu. Amayi analuluta, ndipo aphunzitsi ena anathamangira ku mbendera kukaona ndi maso awo. Inspekita sanathamange. Anayenda yekha kuchokera pa mango, akuwerenga mapazi mokweza, manja ali kumbuyo. Anatenga nthawi. Atabwerera anapukuta thukuta pamphumi.

"Anga akwana 171, koma miyendo yanga ndi yaifupi," anatero. "A Mwakibinga, pitani kwanu. Kabuku katsala ndi ine, pasipotinso. Lolemba lililonse muzibwera kudzaonekera ku ofesi. Ndikadzamvanso kuti mwayandikira waya uja, sitidzaseweranso mpira." Anatembenukira kwa Yotamu. "Inu dzina lanu ndalilemba. Munthu wa pakamwa ngati panu ndi bwino ndizimudziwa."

Anthu anayamba kubalalika. Ambiri ankadutsa pafupi ndi Zebedee kuti amugwire chanza, ndipo iye ankangotambasula dzanja kutsogolo kuti alipeze okha. Yotamu palibe anamulankhula, kupatula Lyson, amene anafunsa mokweza ngati chikho cha pakabati chija anachita kugula pa kaunjika. Mlembi wa kilabu, amene anaonerera zonse ali pakhonde la kanyumba ka zida, ankayang'ana Zebedee ndi maso a munthu amene wayamba kuganiza. Yotamu anaona zimenezo, ndipo mantha aja anabweranso, koma analibenso mphamvu zowatsatira.

Eliness anabwera kudzatenga mlongo wake. Zebedee anamuuza kuti atsogole ndi Keziya. Iye anagwira lamba wa chikwama chimene chinali paphewa pa Yotamu, ngati anthu awiri ongocheza, ndipo anayamba kuyenda kulowera kumsewu.

Anayenda mpaka mawu a anthu anatsalira kumbuyo.

"Ndodo zanga zija azidula zonse?" anafunsa Zebedee.

"Zonse."

"Ndinasewera nazo zaka zisanu ndi zinayi."

Yotamu anafuna kupepesa, koma mawu onse amene anawapeza anali aang'ono. Anangosintha phewa, poti msana unali utayamba kumukumbutsa zaka zake. Anaganiza kuti Zebedee amutukwana tsopano, ndipo anakonzeka kulandira.

"Yotamu."

"Ee."

"Wagwa pati?"

Yotamu anaima. Anthu onse a pamsika anauona mpirawo, ngakhale Lyson anauona. Amene sanauone ndi mwini wake yekha.

"Mapazi awiri kumanja kwa mbendera."

"Usandinamize. Wanama zokwanira."

"Awiri, Zebedee. Ine ndasalaza mchenga umenewu zaka zisanu ndi chimodzi, sindinaugwetsepo pamenepo."

Zebedee anatembenuza nkhope cha kumene ankaganiza kuti kuli mbendera, koma anayang'ana kolakwika, cha kumsika.

"Ndikanakonda nditauona," anatero.

Yotamu anayambanso kuyenda, pang'onopang'ono kusiyana ndi poyamba. Kutsogolo kunali ngalande ya m'mbali mwa msewu, ndipo atayandikira anamuuza mnzakeyo motsitsa kuti atalikitse phazi.